Msiyeni mwana awerenge "Chauta"

Mwezi wa Julaye tinali pa maliro m'mudzi wina kumbali kwa msewu wa ku Katete, mphepo ikuwomba ngati tili nayo mangawa. Adzukulu anali atamaliza kukumba, amayi a Chigwirizano ali m'siwa, mawu atasasa ndi nyimbo za usiku wonse. Abusa anachedwa, njinga yamoto itawavuta panjira. Kuti anthu asangokhala duu, mkulu wa mpingo anaitana mtsikana wina wa Giredi 11, mdzukulu weniweni wa malemu, kuti awerenge Salimo 23. Baibulo linali m'chikwama cha abusa omwe achedwawo, choncho mwana anasolola foni m'chitenje, natsokomola pang'ono, n'kuyamba: "Chauta ndiye mbusa wanga."

Mzere wachiwiri sanaufike. Mdala wina wa jekete lakuda, amene anakhala pa mpando wa ndalema kutsogolo, anakweza ndodo. "Iwe mwana, tseka chimenecho. Pano si padambwe. Werenga Mawu a Mulungu." Mwanayo anangoti kakasi. Mnyamata wina anathamangira kunyumba yoyandikana, nabwera ndi Buku Lopatulika lopanda chikuto, masamba a Genesis atadyedwa ndi chiswe. Atamva "Yehova ndiye mbusa wanga, sindidzasowa," anthu onse anavomera Amen, mitima ili m'malo.

Mdalayo ndimamudziwa ndipo ndimamulemekeza. Wayenda ndi mpingo kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo pa maliro a bambo anga ndiye anagwira mwambo wonse. Koma tsiku limenelo analakwa. Maganizo amene anamukwezetsa ndodo ndi ofala kuno kum'mawa kwa Zambia, m'mipingo yakale ndi yatsopano yomwe: akuti Buku Lopatulika ndiye Baibulo lenileni, Yehova ndiye dzina lenileni, ndipo aliyense wobweretsa Chauta paguwa akulowetsa zamizimu pakhomo lakumbuyo. Ine ndikuti mwana uja anawerenga Mawu a Mulungu, ndipo anayenera kusiyidwa amalize.

Buku limene mdala uja amaliteteza lili ndi tsiku lobadwa, lilinso ndi azamba ake. Amishoni a Dutch Reformed, P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr, anamanga msasa pa Magwero, kufupi ndi Chipata, pa 5 Julaye 1899, patangopita chaka ndi theka Angoni a Mpezeni atagonja kwa azungu. Anzawo anali atakhala kale zaka khumi ku Mvera, tsidya la ku Nyasaland. Panthawiyo Baibulo lathunthu lachinyanja kunalibe. David Clement Scott wa ku Blantyre anali atamasulira zigawo zina m'Chimang'anja, a Anglican a ku Likoma anali ndi Chinyanja chawo cha kunyanja, aliyense akulima pake. M'chaka cha 1900 mamishoni angapo anagwirizana zokhala ndi buku limodzi, ndipo katundu wolemera anagwera William Murray. Iye anakhala zaka zambiri pa ntchitoyi pamodzi ndi aphunzitsi achikuda, ena mwa iwo Jonathan Sande ndi Ishmael Mwale, mpaka buku lonse linatuluka mu 1922. Ku Madzimoyo, ku Nyanje, ku Nsadzu, agogo athu analilandira ndi manja awiri. Koma tisaiwale kuti panali anthu atakhala pa tebulo, akufunsana kuti mawu awa tiwatchule bwanji, wina akuti chakuti, mnzake akukana.

Ndipo mawu amene anasankha sanabwere nawo m'sitima. Dzina loti Mulungu analipeza kuno, lili pakamwa pa anthu amene anali asanamvepo za Yesu. Tsegulani Buku Lopatulika lomwelo muone nyumba imene Solomo anamanga ku Yerusalemu: ikutchedwa kachisi. Kodi kachisi chinali chiyani agogo athu asanabatizidwe? Kanali kanyumba kaudzu pansi pa mtengo, kothirirako ufa ndi mowa popempha mvula. Nsembe ndi mawu a komweko. Wansembe ndi wa komweko. Mzimu, umene lero timautchula ndi ulemu wonse pobatiza, ndi mawu amene ankanena za makolo akufa. Murray ndi anzake anatola zonsezi kuchokera m'chipembedzo cha makolo, nazisenzetsa katundu watsopano, ndipo palibe amene amakweza ndodo akamva "kachisi wa Yehova." Tinazolowera, basi. Kwerani basi ya ku Lundazi mukalowe m'tchalitchi cha CCAP Lamulungu m'mawa: Atumbuka akupemphera kwa Chiuta, Baibulo lawo likunena Chiuta, ndipo akhala akutero zaka zoposa zana. Chiuta ndi Chauta ndi dzina limodzi, langosiyana kalankhulidwe. Ndani angapite ku Chasefu kukauza Akhristu a kumeneko kuti ali padambwe?

Padambwe pomwepo mdala anasokoneza zinthu. Dzina la Chauta si la gule. Kwawo kwenikweni ndi kumapemphero a mvula, ku Msinja kwa Makewana, mayi wotsogolera mapempherowo, ndi m'nthano ya ku Kaphirintiwa kumene Achewa amati anthu oyamba anatsikira. Ndi dzina la Iye wamkulu wa kumwamba, yemwe amatchedwanso Namalenga, Mphambe, Leza. Amishoni analimbana ndi nyau mpaka kudula anthu mumpingo, ndipo mkangano umenewo unatisiyira mantha oti chilichonse chonunkhira Chichewa chakale n'chodetsedwa. Manthawo ndiwo analankhula pa maliro aja.

Tsono tibwere kwa Yehova, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amaganiza kuti aponda pathanthwe. M'Chiheberi dzina la Mulungu wa Israele limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH, ndipo limapezeka m'Chipangano Chakale nthawi pafupifupi 6,800. Ayuda anafika polilemekeza kwambiri mwakuti analeka kulitchula. Wowerenga akafika pa zilembo zinayizo ankanena Adonai, kutanthauza Ambuye. Patapita zaka mazana ambiri, alembi awo poika timadontho tosonyeza katchulidwe ka mawu, pa dzinali anaikapo timadontho ta Adonai, kuti wowerenga akumbuke kunena Ambuye. Akatswiri a ku Ulaya anawerenga zilembo za dzina lina pamodzi ndi timadontho ta dzina lina, n'kutuluka Jehovah. William Tyndale analilowetsa m'Chingerezi mu 1530, ndipo kuchokera kwa azungu linafika kwa ife, titalikhotetsa kuti likwane pakamwa pathu: Yehova. Mose sanalitchule choncho, Davide sanaliimbe choncho. Atumwi polemba Chipangano Chatsopano m'Chigriki, akamabwereza vesi la m'Chipangano Chakale lokhala ndi dzinali, ankalemba Kyrios, Ambuye. Ndiye kuti oyamba kumasulira dzina la Mulungu m'chilankhulo cha anthu ena ndi Ayuda eni ake ndi atumwi. Sindikunena izi kuti ndinyoze dzina la Yehova. Ndinabatizidwa nalo, ndimaliimba, ndipo ndikadzafa ndikufuna lidzamveke pamanda panga. Ndikungonena kuti nalonso linadutsa m'manja mwa anthu.

Maina onse a m'Baibulo anayenda ulendo womwewo. Mariya sankaitana mwana wake kuti Yesu. Ankati Yeshua, dzina lomwelo limene m'Chipangano Chakale timaliwerenga kuti Yoswa. Agriki analitchula mwawo, Aroma mwawo, ife mwathu. Simoni anapatsidwa dzina loti Kefa, Agriki n'kulimasulira kuti Petro, ndipo onse awiriwo akunena thanthwe. Pena Baibulo lathu linachita bwino kuposa la Chizungu. Azungu ali ndi Jacob ndi James ngati maina awiri, pomwe kumene anachokera ndi dzina limodzi, ndipo ife tinalisunga limodzi: Yakobo. Koma onani chimene tachita nawo maina amenewa. Agogo anga aamuna anali Yelemiya, mlongo wawo Esitele, mng'ono wawo Zakaliya, ndipo mudzi wonse unkawaitana motero. M'badwo wotsatira utapita kukatenga reji kuboma, Yohane anatuluka ali John, Mateyu ali Matthews, Yakobo ali James. Palibe amene anadandaula kuti dzina lasintha. Tinkaona ngati takwera.

Chimene chimandipweteka pa maina n'chakuti Aheberi ankatcha ana monga timatchulira ife, koma ambiri sitidziwa. Rakele akumwalira pobereka anatcha mwana wake Benoni, mwana wa chisoni changa. Kuno akanakhala Masauso kapena Misozi. Naomi atabwerera kwawo wamasiye, ana onse atafa, anauza amayi anzake kuti asamutchenso Naomi koma Mara, chifukwa moyo wamuwawira. Mayi aliyense wa ku Chadiza amene anatchapo mwana Mabvuto kapena Tilimanja akumva bwino zimene Naomi ankanena. Isake ndi mwana wa kuseka, chifukwa Sara anaseka atamva kuti adzabereka atakalamba. Baibulo lili pafupi nafe kuposa mmene timaliopera.

Buku limene mtsikana uja anatsegula pa foni ndi Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998. Lisanabwere, Akatolika anali ndi lawo, Malembo Oyera, limene Bambo Louis Villy anamasulira ndipo linatuluka mu 1966, ndipo m'menemo dzina lija linalembedwa Yahve. Choncho m'mudzi umodzi munali Yehova kwa a Dutch ndi Yahve kwa Aroma, ngati kuti ndi milungu iwiri. Buku Loyera linamasuliridwa ndi Akatolika ndi Apulotesitanti atakhala pamodzi, ndipo panafunika dzina limene onse angalivomere. Anakambirana kwa nthawi yaitali asanagwirizane pa Chauta. Mmodzi mwa alangizi a ntchitoyi, Ernst Wendland wa ku seminale ya Lutheran ku Lusaka, analemba poyera kufotokoza chifukwa chake. Wina angatsutse maganizo ake, koma sanganene kuti dzinali linalowa mozemba usiku. Ndipo ife a kuno tili ndi gawo m'bukuli limene sitilidziwa. Wendland yemweyu Chinyanja anachiphunzira mozama posanthula nthano za Julius Chongo za Poceza m'Madzulo, zimene makolo athu ankazinga wailesi kumvetsera. Khutu limene linathandiza kuyesa ngati vesi likumveka bwino linanoledwa ndi Chinyanja cha pa Radio Zambia.

M'dzina la Chauta muli uta. Utawaleza, umene ana amauloza mvula ikakata. Werengani Genesis 9: chigumula chitatha, Mulungu anaika uta wake m'mitambo kukhala chizindikiro cha pangano. Ine sindikudziwa dzina lina m'chilankhulo chathu limene lingagwirane chanza ndi nkhani imeneyo kuposa ili.

Komabe mdala uja sanali wopanda mfundo, ngakhale kuti anazinena ndi ndodo. Yehova ndi dzina limene lilibe mbiri ina kuno koma ya m'Baibulo, pomwe Chauta anabwera ndi katundu wake wa ku Msinja, ndipo mlaliki waulesi akhoza kusiya anthu akuganiza kuti zonse n'chimodzimodzi. Palinso china chimene chimatayika. "Ya" amene timamumva kumapeto kwa Eliya, Yesaya, Yeremiya ndi Aleluya ndi chidule cha dzina lomwe lija. Wowerenga Yehova angathe kulumikiza, wowerenga Chauta salumikiza pokhapokha wina amuuze. Chinanso, Chipata si Dedza. Kuno kuli Angoni a ku Mtenguleni, Ansenga a ku Petauke, Akunda a ku Mambwe, ndipo si onse amene dzina la Chauta linawalera. Buku Loyera limalankhula Chichewa cha pakati pa Malawi, chodzaza ndi "adapita" ndi "adati," pomwe ife pa msika wa Kapata timati anapita, anati. Ngakhale kalembedwe, Buku Lopatulika lakale lija la "cikondi" ndi "cifukwa" ndi limene limafanana ndi Cinyanja chimene ana athu amalemba kusukulu. Ndiye munthu wa kuno akamati buku lakale ndi lathu, latsopanoli n'la a ku Malawi, ndimamumvetsa, ngakhale kuti onse awiri anabadwira tsidya lomwelo la malire a pa Mwami.

Ndipo pamaliro munthu safuna zatsopano. Amafuna mawu amene amayi ake ankanena, omwewo, osasintha ngakhale kachilembo. Pamenepo sinditsutsa. Akanati mdalayo adikire mwana amalize, kenaka n'kunena kuti tsopano timvenso m'buku la agogo ake, ndikanaomba m'manja.

Chimene sindivomera ndi kunena kuti buku lakale limamveka kwa aliyense. Limamveka kwa amene anakulira m'kalasi ya katekisima. Mpatseni mnyamata woyendetsa njinga ya hayala pa Down Shops kalata ya Paulo kwa Aroma m'Buku Lopatulika, awerenge ndime imodzi mokweza, kenaka mumufunse kuti Paulo akuti chiyani. Mudzaona akukanda m'mutu. Murray anatsata Chiheberi ndi Chigriki liwu ndi liwu, poopa kutaya kanthu, ndipo pena zotsatira zake n'zoopsa. M'Masalimo Mulungu akutchedwa nyanga ya chipulumutso. Kwa Mheberi nyanga ndi mphamvu ya ng'ombe yamphongo. Kwa ife nyanga ndi chija amafukula asing'anga kuseri kwa nkhokwe ya munthu woganiziridwa ufiti. Zaka zana takhala tikuwerenga zimenezi paguwa popanda wokweza ndodo, koma Chauta ndiye akutiopsa. Mawu oti chisomo nawonso kale ankanena za mwayi wa munthu amene anthu amangomukonda. Mpingo unawaphunzitsa ntchito yatsopano mpaka anaizolowera. Buku Loyera m'malo ambiri limati kukoma mtima kwa Mulungu, ndipo ngakhale kuti sizikoma poimba, mwana wa zaka khumi akumva.

Anthu amene anadzala Chikhristu kuno sanali oopa chilankhulo cha anthu. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, anasiya kwawo kunyanja n'kudzakhala pakati pa Akunda ndi Ansenga ku Msoro, kumene anafera mu 1913. Ku Msoro komweko A.S.B. Ranger anadzamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinsenga, poona kuti Chinyanja cha ku Likoma sichinkawafika anthu pamtima. Justo Mwale, amene dzina lake lili pa yunivesite ya Reformed Church in Zambia, mpingo wa a Dutch uja, ku Lusaka, anadzozedwa ubusa mu 1929, woyamba mwa anthu akuda mumpingomo. Kuchokera pa Magwero mpaka tsiku limenelo panapita zaka 30, ndipo m'zaka zonsezo amene ankafikitsa uthenga m'midzi anali aphunzitsi ndi alaliki oyenda pansi, omasulira ndi pakamwa pawo zimene buku linkalephera kunena. Medardo Mazombwe anadzozedwa unsembe mu 1960, Misa ikadali m'Chilatini, wansembe atafulatira anthu. Anaona ndi maso ake Misa ikutembenukira m'Chinyanja, natsogolera dayosizi ya Chipata zaka 25 asanapite ku Lusaka, ndipo mu 2010 anakhala kadinala woyamba wobadwira m'Zambia. M'moyo wa munthu mmodzi ameneyu mawu a paguwa anasintha kwambiri kuposa kusiyana kwa Yehova ndi Chauta, ndipo mpingo sunagwe.

Pamene ife tikukokanakokana pa dzina, nyumba ikupsa mbali ina. Lowani m'matchalitchi amene akumera m'makalasi a sukulu ndi m'mashedi a malata ku Mchini ndi ku Nabvutika. Mbusa wachinyamata, wobadwira konkuno, amene amayi ake amagulitsa tomato pamsika, akulalikira m'Chizungu cha pa TV. Pambali pake pali womasulira akuthamangira mawu ngati kondakitala wothamangira minibasi. Mawu akamukanika amangowabweza momwemo, anointing, breakthrough, ndipo amayi okalamba amene akhala kutsogolo amavomera Amen pa chinthu chimene sanachimve. M'tchalitchi chotero mulibe Buku Lopatulika, mulibe Buku Loyera. Vesi limene Murray ndi Sande analisinkhasinkha masiku, limene a Buku Loyera anakanganirana miyezi, likumasuliridwa pompo ndi mnyamata wotuluka thukuta amene sanalionepo. Mtsikana uja, pa foni imene ili ndi Mabaibulo a Chizungu osawerengeka, anasankha yekha kutsitsa la chilankhulo cha agogo ake. Ameneyo ndiye tinamuchititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ndikukayika ngati adzaimenso kuwerenga m'Chichewa pagulu.

Kwa abusa ndi akulu a mpingo pempho langa ndi laling'ono. Paguwa pakhale mabuku onse awiri. Lakale liwerengedwe pamene mtima ukufuna mawu ozolowereka, latsopano pamene mutu ukufuna kumva, ndipo pena vesi limodzi liwerengedwe konsekonse kuti anthu adzionere okha kuti kumasulira ndi ntchito ya anthu. M'kalasi ya ubatizo mupatule tsiku limodzi lofotokoza za zilembo zinayi zija, kuti mwana akamva Yehova, Yahve, Ambuye kapena Chauta adziwe kuti akunena Mmodzi. Amene anapita ku Justo Mwale kapena ku seminale zonsezi anaziphunzira chaka choyamba. Chowaletsa kuziphunzitsa ndi kuopa madala a ndodo, poti ndiwo amasunga thumba la mpingo.

Abusa anafika dzuwa litapendeka, thalauza lili fumbi lokhalokha, ndipo tinanyamula maliro. Kumanda, bokosi likutsika, mlongo wake wa malemu, mayi wokalamba amene wavala yunifolomu ya Chigwirizano zaka zoposa makumi anayi, anadzigwetsa pa dothi lofiira lija. Amayi awiri anamugwira m'khwapa. Iye ankangolira mobwereza, "Chauta wanga ine, mwanditengera mlongo wanga, nditsala ndi yani ine." Mdala wa jekete anali chiimire pafupi naye, chipewa chili m'manja, ndodo yake itazikika pansi. Mtsikana uja anali kumbuyo kwa gulu, pansi pa mtengo wa msuku, foni ataikulunga m'chitenje.